Chaka cha Kachewere

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana anayi, lole imodzi ndi dalaivala wosamva. Pa zonsezi amene ankandipweteketsa mutu kwambiri anali adalaivalawo, bambo wachikulire wa Chiyao wa ndevu za mbuzi, amene ankayankha funso lililonse ndi funso linzake. Koma ndisawanene kwambiri, poti nkhani ino popanda iwo bwenzi palibe.

Tinkakhala pa boma la Mangochi, kufupi ndi msika. Ntchito yathu inali yonyamula nsomba zouma. Lole inkazungulira m'madoko a ku Nkope ndi kwina, n'kupakira madengu a usipa ndi utaka, eni ake atakhala pamwamba pa katundu wawo, ulendo wa ku Limbe. Malemu ndiwo ankadziwa zonse za mapepala. Ine ndinkadziwa kulera ana, kukangana ndi amalonda ofuna kukwera ulere, ndi kuchapa zovala zonunkha nsomba.

Maliro atatha, abale awo a ku Mulanje anagawana katundu ngati akuthyola mango a kutchire. Wailesi inapita, njinga inapita, suti ya ukwati inapita, ndi bokosi lachitsulo limene malemu ankasungamo mapepala linapitanso. Mlamu wanga wamkulu anafika poyang'ana kudenga, kuwerenga malata ndi maso. Apo ndiye ndinaiwala kuti ndine namfedwa. Malata amenewo ndinawalirira zaka zambiri mvula ikutidonthera pabedi, mpaka tsiku lina ndinamanga katundu kuti ndikubwerera kwathu ku Nkope ngati nyumba ikhalabe ya udzu. Ndiye ndinauza mlamuyo kuti akwere azule, koma potsika apeza ndachotsa makwerero. Lole inapulumuka chifukwa cha adalaivala. Anachotsa kachitsulo kena mu injini n'kukaika m'thumba la mkanjo wawo, ndipo alamu atatopa ndi kukankha anati galimotoyo yafera limodzi ndi mwini wake.

Ndinayamba kuyendetsa bizinesi ndekha, ndipo zinkayenda. Kenako tsiku lina kunabwera mesenjala wa khoti ndi envelopu yofiirira.

Nkhani yake inali yakale, ya nthawi ya lole yathu yoyamba. Zaka zisanu ndi kanthu m'mbuyomo, nyengo ya mwera, loleyo inatitimira mumchenga pa doko la ku Nkope. Asodzi anabwera kudzakankha monga mwa nthawi zonse. Galimoto inadumpha, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuponda mwendo wa mmodzi wa iwo. Munthuyo sanali mlendo kwa ine. Tinakulira mudzi umodzi, tinkaimba kwaya imodzi, ndipo ankanditchula kuti achemwali. Malemu anathamangira naye kuchipatala, ndipo pambuyo pake ankamupititsira chimanga ndi shuga. Kupolisi sanapiteko, poti ankati za pachibale sizifuna yunifolomu. Koma bala silinapole. Linkatseka n'kutsegukanso, mpaka madokotala a ku Zomba anaudula mwendowo. Tsopano mwana wake, amene anali atakhala mphunzitsi, anali atapita kwa loya kukapempha chipukuta misozi.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwera basi kupita ku Nkope mawu ali okonzeka kale pakamwa. Ndinamupeza atakhala pansi pa thandala loyanikira nsomba, akusoka ukonde wa anthu ena, ndodo zoyendera zili pambali. Kabudula wake mbali imodzi anali womangidwa ndi chingwe.

"Achemwali, mwabwera ndi nkhope ya nkhondo," anatero akuseka. "Khalani pansi. Ine kukuthawani sindingathe."

Ndinakhala pansi. Ndinangofunsa kuti, "Achimwene, mukufuna ana anga adye chiyani mukandilanda lole?"

"Lole yanu ndiitani ine, ndiiponda ndi chiyani? Mwana wanga uja akuti pali kampani imene amuna anu ankalipirako chaka ndi chaka, ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Akuti ndalama zichokera kumeneko, osati m'thumba mwanu. Ine ndikungofuna mwendo wa mtengo uja amapanga ku Blantyre, ndiyambenso kuima m'bwato."

Ndinabwerako mtima uli m'malo. Inshuwalansi tinali nayo, ndinali nditalipira ndekha chaka chimenecho. Mkulu wina wa kumpingo anandilozera kwa loya wa ku Zomba, kamnyamata koonda kovala magalasi, ndipo ndinakamuyalira pepala langa patebulo monyadira.

Analiyang'ana pang'ono n'kundibwezera. "Mayi, ili ndi la lole yatsopano, la chaka chino. Ngozi inachitika ndi lole yakale, chaka china. Kampani imene iyenera kulipira ndi imene inkateteza galimoto imeneyo tsiku limenelo. Mundipezere dzina la kampaniyo ndi nambala ya pangano lake."

"Nanga zikapanda kupezeka?"

"Ndiye kuti mlandu ndi wa chuma cha malemu. Ndipo chuma cha malemu chimene ine ndikuchiona ndi lole."

Ndinayamba kusaka. Bambo amene ankagulitsa inshuwalansi pa boma pathu anali atasamuka kalekale, ndipo m'kachipinda kake munali telala amene sankadziwa kanthu. Anthu ankati bamboyo ankalembera makampani angapo, chaka china uku, chaka china uko. Ndinapita ku Blantyre kukagogoda m'maofesi. Konse yankho linali limodzi: mafayilo akale ali kunkhokwe, amasanjidwa ndi manambala, bwerani ndi nambala tikupezereni. Ndinkawauza kuti nambalayo ndi imene ndabwerera, iwo n'kumwetulira mwaulemu n'kuitana wotsatira.

Ndinameza malovu n'kupita ku Mulanje. Bokosi lachitsulo lija ndinalipeza, koma munali mbewu ya nandolo.

"Mapepala aja?" anatero mlamu wanga akukanda m'mutu. "Aa, mlamu, anali osalala bwino. Opyapyala. Fodya wake ankakoka ngati wa m'sitolo."

Anasuta inshuwalansi yathu yonse, ndi setifiketi ya ukwati pamodzi. Ndinamuuza kuti utsi umenewo udzamutsamwa pa tsiku lachiweruzo, n'kunyamuka osadikira chakudya.

Koma panali china chimene chinkandidya m'kati, chimene sindinauze loya kapena wina aliyense. Ndinkaopa kuti mwina palibe chofufuza. Mwina malemu sanalipire n'komwe.

Chifukwa chake ndi ichi. Chaka cha m'mbuyo mwa ngoziyo, amuna anga anasintha. Ulendo wa ku Limbe umene unkawatengera masiku awiri unayamba kutenga anayi. Ankabwera galimoto ili mbuu ndi fumbi lofiira, chonsecho msewu wa ku Limbe ndinkaudziwa fumbi lake. Ndipo ulendo uliwonse ankatsitsa thumba la mbatata ya kachewere, yaikuluikulu, dothi lakuda likadali lonyowa. Kachewere wotere salimidwa ku Limbe. Amachokera kumapiri a ku Ntcheu. Ndikafunsa, ankati anagula panjira. Njira yake iti? Ankangoseka n'kupempha madzi osamba. Amayi a pamsika anandithandiza kuwerengera, ndipo tinapeza yankho: ku Ntcheu kuli mkazi, ali ndi dimba lake, ndipo ndalama za bambo zikuthirira dimbalo. Mkaziyo sindinamuonepo, koma ndinamupatsa dzina loti mayi wa kachewere, ndipo ndinkamudziwa bwino: woyera, wa mano otalikirana, wosalankhula mokweza. Kachewere wakeyo sindinaphikepo ngakhale kamodzi. Ndinkagawira aneba, malemu akuona. Chaka chitatha maulendo aja anabwerera mwakale, kachewere anasiya kubwera, koma ine ndinkawakumbutsabe nthawi iliyonse tikayambana, mpaka matenda awo omaliza.

Tsono ndinkati, munthu amene ankasamala dimba la ku Ntcheu, ndalama za inshuwalansi akanazisiya?

M'mawa wina ndinali kudandaula pabwalo, adalaivala akupukuta galasi la lole. Maso anga anagwera pa kona ya galasilo, pamene pamamatidwa disiki, kapepala kozungulira kaja kosonyeza apolisi kuti galimoto ili ndi inshuwalansi. Ndinali ndisanakwerepo kutsogolo n'kuyang'anitsitsa. Disikiyo inali yonenepa.

"Bambo, ichi chatupa chonchi bwanji?"

"Chatupa ngati?"

"Musandiyankhe ndi funso. Kumbuyo kwakeku kuli chiyani?"

"Ya chaka chatha, mayi. Ndi zinzake."

"Osazitaya bwanji?"

Anasiya kupukuta, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mayi, mwaona chidindocho? Chinthu cha chidindo munthu sang'amba. Wallahi, ine ndili ndi ana. Ku Chiponde munthu wina anakulunga usipa m'nyuzipepala ya chithunzi cha eni dziko, mpaka lero akazi ake akumudikira. Ndiye ine ndizikanda chidindo ndi mpeni pamsewu, anthu akuona? Ine ndimamatula bwinobwino zonse pamodzi, yatsopano ndiika patsogolo, phala la kondowole pang'ono, ndibwezera. Sinditaya, sinding'amba."

Masiku amenewo zinalidi choncho. Munthu unkasamala ndi pepala lililonse looneka la boma, ngakhale lisiti la msonkho wa njinga. Chidindo cha kampani ndi chidindo cha boma kwa adalaivala chinali chimodzi, ndipo sindikanawaseka chifukwa inenso khadi la chipani ndinkagona nalo m'kamisolo. Koma mutu wanga unali utathamangira kale kwina.

"Ndi lole yakale munkateronso?"

"Nanga ndikanatani?"

"Zaka zonse?"

"Kuyambira tsiku limene anaigula."

"Ndiye ine ndazungulira dziko lonse, mpaka kukatukwana alamu ku Mulanje, inu muli chete?"

"Mumafunsa za mapepala a m'bokosi, mayi. Za galasi munafunsa?"

Ndikanakhala ndi chitsulo m'manja, sindikudziwa. Lole yakaleyo injini yake itafa, malemu anaigulitsa zidutswazidutswa. Matayala ndi ekiselo zinapita kwa wopanga ngolo, mipando inapita kwa ometa tsitsi. Galasi, adalaivala anati, linagulidwa ndi bambo wina wa ku Lungwena. Ananena zimenezi monyinyirika, ngati ndikuwazula dzino, ndipo anawonjeza kuti kapena linasweka kale, kapena tingovutika. Ndinawauza kuti apope njinga.

Tinaoloka Shire n'kulowera kumpoto, iwo akupalasa, ine ndili pakaliyala. Pamchenga wambiri tinkatsika n'kukankha. Munthu aliyense amene tinamufunsa ankadziwa malowo. "Tiyirumu ya galasi? Pitirirani mzikiti, muiona."

Inali nyumba ya zidina yofolera ndi udzu, koma kutsogolo kwake kunali zenera loti ngakhale kwa DC kunalibe. Galasi la lole yathu, lathunthu, lomatidwa m'khoma ndi dothi. Waipa imodzi yopukutira mvula inali ikadalipo. Anthu ankamwa tiyi m'katimo atayang'ana kunja ngati ali pa ulendo. Ndipo pa kona yake, chakumanzere, panali chinthu chija, chokhuthala ngati chitumbuwa, chakuda ndi utsi kumbuyo, kutsogolo kutayera ndi dzuwa moti sipankaoneka chilembo, koma mthunzi wa chidindo basi. Ndinali ndisanaganize kuti ndingalire chifukwa cha galasi, koma m'menemo ndi m'mene ndinkaonera nkhope ya amuna anga akamakhota kulowa pabwalo.

Mwini tiyirumu anali bambo wamfupi wonenepa, wa kofia yoluka. Anapatsana salamu ndi adalaivala, nalankhulana Chiyao kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine. Anatipatsa tiyi wa mkaka ndi mandasi asanamve n'komwe chimene tabwerera. Atamva, anaika kapu pansi.

"Iyayi, amayi. Chimenecho ndiye ayi. Tengani mabenchi, tengani ketulo. Icho ndi chitupa changa."

"Chitupa cha chiyani?"

"Cha tiyirumu. Anyamata a chipani akabwera, amayang'ana pazenera, aona chidindo, apitirira. Wa zaumoyo anabwera, anayang'ana, anagwedeza mutu, anamwa tiyi. Anzanga onse awatsekerapo, ine ayi. Mukachotsa, ndikhala wamaliseche."

"Bambo, chimenecho ndi inshuwalansi ya galimoto yonyamula nsomba."

"Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Iwo akudziwa?"

Ndinayesa kukalipa, sizinathandize. Ndinayesa kunyengerera, anandiwonjezera tiyi. Kenako ndinangomuuza zoona zake, za msodzi wa ku Nkope wosoka maukonde a eni, ndi za ana anga anayi. Anazunguliza supuni m'kapu.

"Msodzi wopanda mwendo," anatero. "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire." Anapumira m'mwamba. "Koma kumatula pano ayi, anthu aona. Ndiponso chinthu changa sichiyenda chokha. Kumene chikupita, ine ndili pomwepo."

Zinagwirizana ndi zimene loya ananena nditamuimbira foni ku positi ofesi: tisakhudze kanthu, tibwere nalo galasi lonse, azimatula iye akuona kuti adzachitire umboni. Choncho tinagumula khoma, ine n'kulonjeza kulipira womanga. Galasi tinalikulunga mumphasa, anyamata awiri n'kulinyamula pa mtengo ngati nyama mpaka pamsewu. Tsiku la ulendo wa ku Limbe linakwera pamwamba pa madengu a usipa, mwini tiyirumu atalikumbatira, ketulo yake yaikulu ili pakati pa miyendo. Anati tiyi wa m'tauni samukhulupirira.

Pa rodibuloko ya ku Liwonde wapolisi anasuzumira mumphasamo n'kufunsa kuti galimoto yake ya galasili ili kuti.

"Inamwalira, bwana," anayankha mwini tiyirumu. "Tikupita nalo kwa loya."

Wapolisiyo anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, n'kukweza chitsulo chotsekera msewu kuti tidutse.

Ofesi ya loya inali kachipinda kapamwamba pa sitolo. Tinagoneka galasi patebulo chafufumimba, fungo la usipa n'kudzaza chipinda chonse, mlembi wake n'kutsegula mawindo. Loya anayesa kukanda ndi chikhadabo, koma phala la kondowole la zaka zambiri linali litauma ngati simenti. Mwini tiyirumu anamukankhira pambali mwaulemu, napempha pulaimasi, nateleka ketulo yake. Madzi atawira analozetsa mlomo wa ketulo pa chitumbuwa chija, nthunzi n'kumachinyowetsa pang'onopang'ono. Ine ndinatenga lumo latsopano. Adalaivala anakana kulowa. Anaima pakhomo atatifulatira, kuti wina akadzafunsa adzanene kuti sanaone.

Popeza yatsopano inkaikidwa patsogolo, ya kumbuyo kwenikweni inali ya chaka choyamba. Inamatuka ngati khungu la mbatata yophika. Nditaitembenuza, zilembo zinali zowala ngati zalembedwa dzulo: nambala ya lole, dzina la kampani, nambala ya pangano, tsiku loyamba ndi lomaliza. Dzuwa silinazifike. Loya anawerenga mokweza, mlembi n'kulemba, ine n'kuiyanika pa nyuzipepala.

Iwo ankamva zaka, ine ndinkaona zina. Yoyambayo inali chaka chimene tinagula lole, pamene malemu anagona m'galimoto sabata yathunthu kuopa akuba. Yachiwiri, chaka chimene mwana wathu wachiwiri anabadwa. Ina inali ndi kadontho ka mafuta ndi chidindo cha chala chachikulu, ndipo chalacho ndinachizindikira. Kampani inkasinthadi, chaka china iyi, chaka china iyo. Chaka ndi chaka amuna anga ankalipira, mwakachetechete, ine ndikuwanena kuti ndi osasamala. Ndinayamba kumva manyazi pang'ono, ndi kunyada.

Kenako loya anatenga ina, nawerenga, naima. Anabwerera pa ya m'mbuyo, nawerenganso.

"Apa padumpha chaka," anatero. "Mwina ziwiri zamatana?"

Tinaiunika pawindo, tinaipinda, mwini tiyirumu anaithiranso nthunzi. Inali imodzi. Chaka chathunthu panalibe. Sindinafunikire kuwerengera pa zala. Chinali chaka cha kachewere.

Ndiye kuti zinali zoona! Amayi a pamsika sananame. Ndalama ya inshuwalansi inapita ku dimba la ku Ntcheu, ndipo umboni wake unali patebulo la loya, pamaso pa anthu achilendo. Ndinafuna kunyamula galasilo ndi kuliponya pawindo.

"Mayi, dikirani," anatero loya. "Chimene chasowacho si chaka cha ngozi. Taonani imene ili m'manja mwangayi."

Anawerenga masiku ake pang'onopang'ono. Inayamba nyengo yokolola, n'kutha nyengo yokolola ya chaka chotsatira. Mwera wa ngozi ija unali m'kati. Mlembi anaomba m'manja, loya anavula magalasi n'kuseka, mwini tiyirumu anati Alhamdulillah n'kuthira masamba m'madzi otsala mu ketulo. Lole yanga inali itapulumuka, ndipo achimwene a ku Nkope anali oti apeza mwendo wawo. Ndinathokoza Mulungu, inde. Koma tiyi uja ndinamwa ngati mankhwala.

Loya anasunga disiki imodziyo. Zotsalazo mwini tiyirumu anazisanja bwinobwino, yoyera ndi dzuwa ija patsogolo, n'kuzikulunga m'kansalu kuti akamatenso kwawo.

Pobwerera, titatsitsa nsomba ku Limbe, ndinakhala kutsogolo ndi adalaivala. Ndinadikira mpaka titadutsa Zomba.

"Munkadziwa," ndinatero. "N'chifukwa chake simunafune kuti tilipeze galasi."

"Ndinkadziwa chiyani, mayi?"

"Bambo, lero mukandiyankha ndi funso mutsika pompano, ndiyendetsa ndekha. Anali ndani mkazi wa ku Ntcheu?"

Anandiyang'ana cham'mbali. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka ndevu kugwedera.

"Mkazi? Mayi, chaka chimene chija ine ndi bwana tinkagona pansi pa lole, udzudzu ukutidya. Mkazi wake uti akanatilandira, tikununkha utaka? Ku Limbe sitinkapitako. Disiki inali yakutha, ndiye pa Liwonde tikanadutsa bwanji? Tinkazemba njira za kumapiri, kugulitsa nsomba m'misika ing'onoing'ono ya ku Ntcheu. Kumeneko anthu ndalama alibe, ena ankalipira kachewere."

"Nanga ndalama ya inshuwalansi inapita kuti?"

"Simukudziwa ndithu?"

"Bambo!"

"Pepani. Mukukumbuka tsiku limene munamanga katundu, mukuti mukubwerera ku Nkope? M'mawa mwake tinanyamuka, ndalama ya inshuwalansi ili m'thumba la bwana. Titafika ku Limbe anaima pakhomo pa sitolo ya Mmwenye nthawi yaitali. Kenako anati, 'Akulu, apolisi ndingawazembe, koma mayi uja akapita sindingamubweze.' Tinapakira malata."

Ndinakumbuka tsikulo. Lole inalowa pabwalo malata akung'anima pamwamba, ine n'kululutira mpaka aneba kutuluka. Anandiuza kuti nsomba zayenda bwino mwezi umenewo. Ndinayenda msika wonse ndikuuza aliyense kuti mwamuna amafunika kumuopseza pang'ono.

"Osandiuza bwanji? Zaka zonse zija ndikuwanena za mkazi, iwo ali duu?"

"Ndinawafunsa. Anati, 'Ndikamuuza m'mawa, pofika masana msika wonse udziwa kuti lole ilibe inshuwalansi, madzulo apolisi ali pakhomo. Bola azindinena za mkazi.' Chaka chitatha anapeza ndalama, analipira, tinabwerera njira ya ku Limbe. Ndinati tsopano auzeni. Anati, 'Asiyeni, akamanena za mayi wa kachewere amaoneka bwino, maso amawala.'"

Ndinatembenukira kuwindo mpaka ku Mangochi. Adalaivala, kwa nthawi yoyamba, sanafunse funso.

Kampani ija inapeza fayilo yake kunkhokwe tsiku lomwelo limene inapatsidwa nambala. Kulipira kokha ndiye kunatenga nthawi, makalata kupita ndi kubwera, koma inalipira. Achimwene a ku Nkope anapita ku Blantyre n'kubwerako akuyenda ndi miyendo iwiri, wina ukulira kwiii pokhala pansi. Anandibweretsera chambo chachikulu atachinyamula okha, ndipo anakana mpando kuti ndione kuti akutha kuima. Galasi linabwerera m'khoma lake ku Lungwena, chitupa chili pa kona, chitaonda pang'ono. Ndinamva kuti tiyirumuyo sinatsekedwepo mpaka zinthu zinasintha m'dziko.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inagwa masana, ana ali kusukulu. Ndinali ndekha m'nyumba, ndipo inayamba kuomba pa malata mwamphamvu moti munthu sukanamva mnzako. Ndinaima pakati pa chipinda, pouma, n'kuyang'ana kumwamba. Ndinawakalipira bambo aja mokweza, momwe ndinkachitira ali moyo. Ndinawauza kuti anali wopusa, kuti akanapha munthu chaka chimenecho tikanagona kundende tonse, kuti munthu wanzeru sayendetsa galimoto ya anthu popanda inshuwalansi chifukwa cha mkazi wolongolola. Ndinawauza kuti akanandiuza, ndikanasunga pakamwa, mwina. Ndinalira mpaka mvula inakata.

Itakata ndinatenga dengu n'kupita kumsika. Mayi wogulitsa kachewere, amene ankadziwa bwino kuti ine pa benchi lake sindiima, anandiyang'ana modabwa.

"Mwayamba kudya kachewere, amayi?"

"Ndipimireni wamkuluwamkulu," ndinatero. "Wa ku Ntcheu."